Mary Cassatt, mtchona amene kwawo kunapindula naye atachoka

M'mwezi wa Epulo mu 1891, bungwe la akatswiri odinda zithunzi mumzinda wa Paris linatsegula chionetsero chake m'nyumba ya wamalonda wa zojambula wotchedwa Paul Durand-Ruel, koma anthu awiri amene anaonetsa nawo ntchito zawo m'zaka ziwiri zam'mbuyomo sanaloledwe kutenga nawo mbali, popeza bungwelo linali litangokhazikitsa lamulo lakuti likhale la mbadwa za France zokha. Woyamba anali Camille Pissarro, amene anabadwira pachilumba cha St Thomas panthawi imene chinali m'manja mwa dziko la Denmark, ndipo wachiwiri anali Mary Cassatt, mayi wa ku America amene pofika chaka chimenecho anali atakhazikika mu Paris kwa zaka 17. Durand-Ruel anawapatsa tizipinda tapambali, ndipo m'kachipinda kakeko Cassatt anapachika zithunzi khumi zodinda zamitundumitundu, zimene lero akatswiri ambiri amaziika m'gulu la ntchito zapamwamba kwambiri zamtunduwu zimene zinapangidwa m'zaka za m'ma 1800.

Ndayambira pa nkhani imeneyi chifukwa ikuonetsa pamene mayiyu anaima moyo wake wonse: ku France anali mlendo ngakhale atakhalako zaka zoposa 50, ndipo kwawo ku America anali munthu amene anachoka osafunanso kubwerera. M'chiyankhulo chathu tili ndi dzina la munthu wotere, lakuti mtchona, limene makolo athu ankatchula nalo amuna amene anapita kukagwira ntchito ku migodi ya ku South Africa kapena ku Southern Rhodesia n'kuzimiririka komweko, ndipo dzinalo silitchulidwa moyamikira. Mtchona timamuyeza ndi muyeso umodzi, wakuti kodi anabwerera kapena ayi. Maganizo anga ndi akuti muyeso umenewu ukagwiritsidwa ntchito pa Mary Cassatt umapereka yankho lolakwika, chifukwa zimene dziko la America linalandira kuchokera kwa iye zinatheka ndendende chifukwa chakuti sanabwerere, ndipo akanakhala kuti anamvera bambo ake n'kukhala kwawo ku Pennsylvania, dzikolo likanataya wojambula wake wamkulu mmodzi pamodzi ndi gawo lalikulu la chuma chimene chili m'nyumba zake zosungiramo zojambula.

Cassatt anabadwa pa 22 Meyi 1844 ku Allegheny City, dera limene lero lili mbali ya mzinda wa Pittsburgh, m'banja lopeza bwino. Bambo ake, Robert Cassatt, ankachita malonda a masheya ndi malo, ndipo mayi ake, Katherine, anachokera kubanja la eni mabanki. Ali mwana, banjali linakhala zaka zingapo ku France ndi ku Germany, kotero kuti anakula akudziwa Chifalansa ndi Chijeremani ndiponso ataona ndi maso ake zojambula zimene anzake a ku Philadelphia, mzinda wa ku Pennsylvania kumene banjali linasamukira, ankangozimva. Ali ndi zaka pafupifupi 16 analowa sukulu ya zojambula ya Pennsylvania Academy of the Fine Arts, kumene anapeza kuti ophunzira aakazi sankaloledwa kujambula poyang'ana thupi la munthu wamoyo, koma ankangopatsidwa ziboliboli zoumba kuti azitengera. Amene sadziwa ntchitoyi angaganize kuti imeneyi ndi nkhani yaing'ono, koma wojambula anthu amene sanaphunzire mmene phewa limalumikizirana ndi mkono, kapena mmene thupi limapindikira munthu akawerama, ali ngati mmisiri wa matabwa amene waletsedwa kugwira thabwa. Panalinso vuto lina limene silinkasankha mwamuna kapena mkazi, lakuti m'dziko lonselo munalibe nyumba yaikulu ya anthu onse yosungiramo zojambula za akatswiri akale, popeza Metropolitan Museum of Art ya ku New York ndi Museum of Fine Arts ya ku Boston zinakhazikitsidwa mu 1870, iye atachoka kale.

Choncho atapita ku Paris mu 1866, bambo ake asakufuna, anapita kumene kunali zipangizo za ntchito yake. Kumenekonso khomo silinali lotsegula kwathunthu, chifukwa sukulu yaboma ya École des Beaux-Arts sinkalandira akazi, ndipo inayamba kuwalandira mu 1897 Cassatt ali ndi zaka zoposa 50. Kusiyana kwake kunali kwakuti ku Paris kunali njira zodutsira kumbali. Munthu ankatha kulipira mphunzitsi kuti amuphunzitse payekha, monga mmene iye anachitira kwa Jean-Léon Gérôme ndipo kenako kwa Thomas Couture, ndiponso ankatha kutenga chilolezo chokhala tsiku lonse m'nyumba ya Louvre akutengera zojambula za akatswiri akale. Mu 1868 chithunzi chake cha mtsikana woimba mandolini chinalandiridwa ku Salon, chionetsero chachikulu cha chaka ndi chaka chimene panthawiyo chinali chipata cha wojambula aliyense wofuna kudziwika ndi kugulitsa.

Amene amaganiza kuti akanatha kuchita ntchito yomweyo ali kwawo ayenera kuona zimene zinachitika pamene anayesadi kukhalako. Nkhondo ya pakati pa France ndi Prussia itabuka mu 1870, Cassatt anabwerera ku Pennsylvania, ndipo chaka chimene anakhala kumeneko chinatsala pang'ono kumusiyitsa ntchito. Bambo ake ankamulipirira zofunika pa moyo koma anakana kumugulira penti ndi zinsalu zojambulapo, zithunzi zimene anaziika kwa wamalonda ku New York sizinapeze wogula, ndipo zina zimene anapita nazo ku Chicago zinapsa pa moto waukulu umene unawononga mzindawo mu Okutobala 1871. Chimene chinamupulumutsa chinali ntchito imene bishopu wa Katolika wa ku Pittsburgh, Michael Domenec, anamupatsa, yokatengera zojambula ziwiri za katswiri wakale Correggio mumzinda wa Parma ku Italy. Ndalama za ntchitoyo ndizo zinamukwezanso sitima yapamadzi. Kuchokera ku Parma anapita ku Madrid ndi ku Seville, ndipo mu 1874 anakhazikika ku Paris, kumene makolo ake ndi mchemwali wake Lydia anamutsatira mu 1877. N'zochititsa chidwi kuti bambo amene ankakana kumugulira penti ndi amene pomaliza analongedza katundu n'kukakhala m'nyumba imodzi ndi mwana wawo kudziko la eni, ndipo anamwalirira komweko mu 1891.

Chaka cha 1874 chija ndi chimenenso gulu la ojambula otopa ndi ulamuliro wa oweruza a Salon linachititsa chionetsero chakechake m'nyumba imene kale inali ya wojambula zithunzi za kamera wotchedwa Nadar. Mtolankhani wina, Louis Leroy, anatenga mawu pa dzina la chithunzi cha Claude Monet chosonyeza kutuluka kwa dzuwa padoko la Le Havre n'kuwatcha onsewo ma Impressionist mowanyoza, kutanthauza anthu ongojambula zimene diso lawona mwachidule osamaliza ntchito, ndipo dzinalo linakakamira. Chimene anthuwa ankachita chinali kusiya nkhani za milungu ya Agiriki ndi nkhondo zakale, zimene Salon inkazilemekeza, n'kuyamba kujambula moyo wa tsiku ndi tsiku ndi mitundu yowala, akusiya mikwingwirima ya burashi kuti ioneke m'malo moisalaza. Cassatt anapitiriza kutumiza ntchito zake ku Salon kwa zaka zina zitatu, akudandaula poyera za kukondera kwa oweruza, kufikira mu 1877 pamene zithunzi zake zonse ziwiri zinakanidwa. Pamenepo Edgar Degas, amene zojambula zake Cassatt anali atazisirira kale pawindo la wamalonda wina, anamuitana kuti alowe gululo. Anaonetsa nawo koyamba mu 1879, kenako mu 1880, mu 1881 ndi mu 1886, ndipo pa zionetsero zisanu ndi zitatu zimene gululi linachititsa, iye ndiye munthu yekhayo wa ku America amene anapachika nawo ntchito zake.

Pali mwambi wakuti mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo kalumo ka Cassatt kanali kakuti ankaona zimene amuna a m'gululo ankaziyang'ana tsiku ndi tsiku koma osaziona. Mkazi wa banja lolemekezeka sankatha kukhala yekha m'nyumba zomwera khofi ndi mowa, kapena kulowa kuseri kwa bwalo la zisudzo kumene Degas ankajambula atsikana ovina, choncho malo amene anamutsalira anali chipinda chochezera, dimba lapakhomo ndi mipando ya oonerera zisudzo. Chithunzi chake cha mu 1878 chotchedwa In the Loge, chimene chili ku Boston, chikuonetsa mmene anagwiritsira ntchito malire amenewa. Mayi wovala zakuda wakhala m'chipinda cha oonerera, wagwira magalasi oonera patali ndipo maso ake ali pa zimene akufuna kuona, pamene chakumbuyo, kutali pang'ono, mwamuna wina watsamira kutsogolo n'kulozetsa magalasi ake pa mayiyo. Ojambula aamuna anali atajambula akazi ambirimbiri m'malo amenewa ngati maluwa oikidwa pawindo kuti odutsa aone, koma apa mkaziyo ndiye woyang'ana, ndipo mwamuna womuyang'anayo waoneka wopusa pang'ono, pamodzi ndi ife amene taima kutsogolo kwa chithunzicho tikuchita zomwezo.

Chaka chomwecho anajambula kamtsikana katakhala motayirira pampando wabuluu, miyendo ili tang'a, nkhope yotopa ndi kukhala, kagalu kali gone pampando wina. Palibe mwana wa m'zojambula za nthawi imeneyo amene ankaloledwa kukhala chotero, chifukwa ana ankajambulidwa ngati tiakuluakulu taulemu, koma aliyense amene anasiyapo mwana m'chipinda cha alendo kwa ola lathunthu amaudziwa mkhalidwe umenewu. Degas anathandizako pa mbali yakumbuyo ya chithunzichi. Cassatt atachitumiza ku gawo la America pa chionetsero cha mayiko onse cha ku Paris mu 1878, oweruza a dziko lake lomwe anachikana, ndipo patapita zaka zambiri iye analemba m'kalata, mkwiyo usanathe, kuti mmodzi mwa oweruza atatuwo anali wogulitsa mankhwala. Lero chithunzicho chili mu National Gallery of Art ku Washington, ndipo ndi chimodzi mwa zimene nyumbayo imanyadira. Amene amati Cassatt anakana America ayenera kuyamba afotokoza kuti pa nkhani iyi anakana mnzake ndani.

Anthu ambiri amene analimvapo dzina lake amamudziwa monga wojambula amayi ndi ana, ndipo kawirikawiri mawuwa amanenedwa mokoma koma mochepetsa, ngati kuti mayi wosakwatiwa ndi wopanda mwana ankadzitonthoza ndi burashi. Kumasulira kumeneku ndimakuona kukhala kwaulesi. Palibe amene amanena kuti Monet ankajambula milu ya udzu chifukwa cholakalaka kukhala mlimi. Cassatt anasankha kusakwatiwa chifukwa ankaona kuti ukwati wa nthawi imeneyo sukanayendera limodzi ndi ntchito yake, ndipo mutu wa mayi ndi mwana anaufikira monga katswiri amene anakhala miyezi yambiri ku Parma akuphunzira mmene Correggio ankajambulira Mariya ndi khanda. Ambiri mwa akazi a m'zithunzizo anali anthu olipidwa kuti akhale kutsogolo kwake, ena ochokera m'midzi yoyandikana ndi kumene ankakhala ku France, ndipo nthawi zambiri sanali amayi a ana amene anawanyamulawo. Chionetsero chimene Philadelphia Museum of Art inachititsa mu 2024 chinatsindika mfundo yomweyi, yakuti zithunzizi ndi za ntchito, ya wojambulayo komanso ya akazi olera ana. Mukayang'ana The Child's Bath cha mu 1893, chimene chili ku Art Institute of Chicago, mumaona kuchokera pamwamba mkazi wovala diresi yamizeremizere atakhazika mwana pamiyendo, dzanja lina lamugwira m'chiuno kuti asaterereke, lina likutsuka phazi m'beseni, ndipo onse awiri maso ali pamadzi. Palibe amene akumwetulira woonerera. Ndi manja olimba a munthu amene wagwira ntchitoyi kambirimbiri, ndipo ntchito yotereyi, imene imachitika m'nyumba iliyonse padziko lapansi, inali isanapatsidwe ulemu wotere pachinsalu.

Zithunzi khumi zodinda zija zinabadwa chifukwa cha chinthu china chimene chikanatheka ku Paris kokha. Mu 1890 ku École des Beaux-Arts kunachitika chionetsero chachikulu cha zithunzi zodinda za ku Japan, ndipo Cassatt atachiona anatsimikiza mtima kuyesa kupanga zofanana nazo. Akatswiri a ku Japan ankasema zithunzi zawo pamatabwa, koma iye anagwiritsa ntchito mapale amkuwa, akukanda mizere ndi singano yakuthwa ndiponso akudyetsa mbali zina ndi asidi kuti zigwire inki, kenako n'kupaka mitundu ndi dzanja pa mapalewo asanadinde pepala lililonse mothandizana ndi mmisiri wodinda. Chithunzi chilichonse chinadindidwa makope 25. Zikuonetsa mkazi akumata kalata ndi lilime, wina akusamba atawerama pabeseni, wina akukonza tsitsi pagalasi, ena ali m'galimoto yokokedwa ndi mahatchi pamodzi ndi mwana, ndipo zonse zili ndi mizere yochepa kwambiri moti mzere umodzi ukanalakwika msana wonse ukanagwa. Apa tili ndi mayi wa ku Pennsylvania, akuphunzira kwa akatswiri a ku Japan, akugwira ntchito ndi mmisiri wa ku France, n'kupachika zotsatira zake m'kachipinda kapambali chifukwa chakuti si mbadwa. Funso lakuti ntchitoyi ndi ya dziko liti ndi limene bungwe lija linayesa kuliyankha ndi lamulo, ndipo lero ndi ochepa amene angatchule zimene zinapachikidwa m'chipinda chachikulu chija.

Dziko lake litamuitana kuti agwire ntchito yaikulu, anavomera. Bertha Palmer, amene ankatsogolera komiti ya akazi pa chionetsero cha mayiko onse cha ku Chicago mu 1893, anamupempha kuti ajambule chithunzi cha pakhoma chotalika mamita pafupifupi 18 cha m'nyumba ya akazi, pa mutu wa mkazi wamakono. Pakati pa chithunzicho anaika atsikana akuthyola zipatso za chidziwitso mumtengo n'kumapatsirana, ndipo amene amawerenga Baibulo sangalephere kuona kuti anatembenuza nkhani ya Hava. Wina atadandaula kuti m'chithunzimo munalibe mwamuna, iye anayankha m'kalata yopita kwa Palmer kuti amuna mosakayikira ajambulidwa ndi mphamvu zawo zonse pamakoma a nyumba zinazo. Chithunzicho chinapachikidwa pamwamba kwambiri moti chinkavuta kuona, olemba nkhani ambiri sanachikonde, ndipo chionetsero chitatha chinatayika, moti lero chimadziwika kudzera m'zithunzi za kamera zokha. Ntchito yaikulu kuposa zonse imene anapangira America, America yomweyo inaisowetsa.

Komabe mphatso yake yaikulu kwa dziko lakwawo sinatuluke m'burashi yake. Cha m'ma 1874 anakumana ku Paris ndi mtsikana wa ku New York wotchedwa Louisine Elder, ndipo anamulimbikitsa kugula chithunzi cha Degas cha atsikana akuyeserera kuvina pa mtengo wa mafranki 500, panthawi imene anthu ambiri a ku France ankaseka zojambula zoterozo. Louisine anakwatiwa ndi Henry Havemeyer, mwini chuma chochokera ku malonda a shuga, ndipo kwa zaka makumi angapo Cassatt anali diso la banjali, akuwauza zoti agule, kwa ndani ndi pa mtengo wanji. Anawatsogolera ku ntchito za Courbet, Manet ndi Degas, ndipo mu 1901 anayenda nawo ku Italy ndi ku Spain akufunafuna zojambula za akatswiri akale El Greco ndi Goya. Louisine atamwalira mu 1929, zinthu pafupifupi 2,000 za banjali zinaperekedwa ku Metropolitan Museum of Art, kuphatikizapo chithunzi chotchuka cha El Greco cha mzinda wa Toledo wa ku Spain. Ndi Cassatt yemweyo amene anaumiriza Art Institute of Chicago kuti igule mu 1906 chithunzi chachikulu cha El Greco cha kutengedwa kwa Mariya kupita kumwamba, amene anakopa mchimwene wake Alexander, mtsogoleri wa kampani ya njanji ya Pennsylvania Railroad kuyambira 1899 mpaka 1906, kuti agule zojambula za Monet ndi anzake, ndiponso amene anathandiza Durand-Ruel pamene anawolokera ku New York mu 1886 ndi zojambula pafupifupi 300 kukafuna msika umene ku France unali utamukanika. Munthu amene ali mtsikana analibe poonera zojambula zazikulu m'dziko lake anathera theka la moyo wake akuonetsetsa kuti ana a m'tsogolo akhale napo, ndipo sakanatha kuchita zimenezi ali ku Philadelphia, chifukwa kudziwa chimene chili chabwino chisanatchuke kumafuna kukhala pamene chikupangidwira, kudya ndi opanga ake ndi kukangana nawo.

Pali zotsutsa zimene sindingazinyalanyaze, ndipo yoyamba ndi ya ndalama. Cassatt anatha kuchoka, kulipira aphunzitsi, kukana oweruza a Salon ndi kukhala wosakwatiwa chifukwa kumbuyo kwake kunali banja lachuma, ndipo panali atsikana ambiri aluso lofanana ndi lake amene sakanatha ngakhale kugula tikiti ya sitima. Zimenezi n'zoona, ndipo n'chifukwa chake sindingamuike monga chitsanzo chakuti aliyense wolimba mtima angachite zomwezo. Koma mfundoyi ikutsutsa dongosolo limene linachititsa kuti mkazi afunike chuma chotere kuti angophunzira ntchito, osati chisankho cha amene anali ndi mwayi wothawa dongosololo. Tiyeneranso kunena kuti iye sanafune kukhala mayi wolemera wojambula pofuna kutaya nthawi, popeza ankaumirira kuti ntchito yake izidzilipirira yokha, ankatsatira mitengo yake mosamala, ndipo mu 1894 anagula nyumba yaikulu ya Château de Beaufresne m'mudzi wa Le Mesnil-Théribus, kumpoto chakumadzulo kwa Paris, ali wojambula amene zithunzi zake zinkagulidwa bwino.

Chotsutsa chachiwiri n'cholemera kwambiri kwa ine. Chuma cha Havemeyer chinachokera ku kampani imene inameza opikisana nayo mpaka kulamulira pafupifupi shuga yense woyengedwa ku America, ndipo mu 1907, chaka chimene Henry Havemeyer anamwalira, zinadziwika kuti masikelo a kampaniyo padoko la Brooklyn anali atasokonezedwa pofuna kuzemba msonkho. Zojambula zimene Cassatt anathandiza kuzitumiza kutsidya kwa nyanja zinagulidwa ndi ndalama zoterezi, ndipo zina zinachoka m'manja mwa mabanja ndi mipingo ya ku Spain imene inkagulitsa chifukwa cha kusowa. Munthu wa ku Toledo amene ayenera kupita ku New York kapena ku Chicago kuti akaone ntchito za El Greco, wojambula wa mumzinda wake, ali ndi chifukwa chosayamikira. Diso lakenso silinali losalakwa, popeza zina mwa zimene zinagulidwa monga za Goya akatswiri anadzazikayikira pambuyo pake. Ndikuvomereza zonsezi, koma ndikuona kuti mlanduwu ukanamveka bwino ukanachokera ku Spain kapena ku France. Amene sangaunene ndi a ku America, amene mpaka lero amalowa m'nyumba zimenezi n'kuona zinthu zimene zikanatha kutsekeredwa m'nyumba za anthu olemera, koma zinafika poyera chifukwa mlangizi wa eni akewo ankafuna kuti zikathere m'malo a anthu onse.

Ulemu utayamba kubwera, anaulandira mosankha, ndipo kasankhidwe kake kakusonyeza khalidwe lake. Mu 1904 boma la France linamupatsa mendulo ya Légion d'honneur ndipo anailandira, koma chaka chomwecho anakana mphoto ya ndalama yochokera ku Pennsylvania Academy, sukulu yake yakale, pofotokoza kuti iye ndi anzake a gulu lija anagwirizana kale zokana oweruza ndi mphoto za mipikisano. Ena angaone ngati kunyoza kwawo, koma ine ndikuona munthu amene anakumbukira zimene oweruza anamuchita mu 1877 ndi mu 1878, ndipo sanafune kudalitsa dongosolo lomwelo pongoti tsopano lamukomera. Sanali munthu wofewa. Ankayankhula mosapsatira, anasemphana kwambiri ndi Degas pa mlandu wa Alfred Dreyfus, msilikali wachiyuda amene anamangidwa pa mlandu wabodza woukira dziko, popeza iye ankakhulupirira kuti Dreyfus ndi wosalakwa pamene Degas anali kumbali ya omuimba mlandu, ndipo atakalamba anakana ntchito za ojambula atsopano Matisse ndi Picasso ndi ukali wofanana ndi umene oweruza a Salon anakanira nazo zake. Pamenepa sindingamuikire kumbuyo, chifukwa amene anamenyedwapo ndi chitseko anayenera kudziwa bwino kulemera kwake.

Unzika wa France sanautenge, ndipo nkhani za kwawo sanazisiye. Mu 1915 Louisine Havemeyer anakonza chionetsero ku New York, m'nyumba ya wamalonda Knoedler, chosonkhetsa ndalama zothandizira ufulu wa akazi woponya voti, ndipo Cassatt anapereka zojambula zake kuti zipachikidwe pamodzi ndi za Degas ndi za akatswiri akale. Achibale ake ena a ku Philadelphia, amene ankadana ndi ufulu umenewu, anakana kupita kukaona, ndipo iye poyankha anagulitsa zojambula zambiri zimene anali atasungira banjalo kuti lidzalandire iye akadzamwalira. Mkwiyo wapabanja umenewu ndi chimodzi mwa zifukwa zimene ntchito zake zinabalalikira m'manja mwa ogula ambiri, kenako m'nyumba za anthu onse. Akazi a ku America anapatsidwa ufulu wovota m'dziko lonse mu 1920.

Pofika nthawi imeneyo iye anali atasiya kujambula. Ulendo wa ku Egypt wa mu 1910 ndi 1911 unamufooketsa, mchimwene wake Gardner amene anayenda naye anadwala n'kumwalira mu 1911, ndipo matenda a shuga pamodzi ndi ng'ala zinamulanda maso pang'onopang'ono mpaka anaika burashi pansi cha m'ma 1914. Zaka zambiri za nkhondo yoyamba ya padziko lonse anazithera ku Grasse, kum'mwera kwa France, ndipo anakhala zaka zina zoposa khumi ali wosaona bwino, munthu amene moyo wake wonse unali m'maso. Anamwalira pa 14 Juni 1926 ku Château de Beaufresne ali ndi zaka 82, ndipo anaikidwa m'manda a banja ku Le Mesnil-Théribus, pamene panagona kale bambo ake, mayi ake ndi Lydia. Mtembo wake sunawoloke nyanja, koma kamtsikana ka pampando wabuluu kali ku Washington, mayi wa magalasi oonera patali ali ku Boston, mwana wosambitsidwa mapazi ali ku Chicago, ndipo ku Philadelphia, mzinda umene anauchoka ali ndi zaka pafupifupi 22 chifukwa unalibe chomuphunzitsa, nyumba yosungiramo zojambula ili ndi ntchito zake zambiri zimene ophunzira aakazi ndi aamuna amakhala kutsogolo kwake ndi mapensulo akutengera.